Kusintha kwa Nyengo kwa Dzoole ndi M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Kusintha kwa nyengo ndi kusokonekera kwa kagwedwe ka mvula, kutentha ndi mphepo komwe kumaoneka pa zaka makumimakumi, osati pa chaka chimodzi choipa. M'dera la Mfumu Yaikulu Dzoole m'boma la Dowa, komanso m'mapiri a Ntchisi, alimi amakuzindikira m'munda: chizimalupsa sichidziwikanso tsiku lake, mvula yobzalira ikumachedwa, ndipo ng'amba ikumabwera chimanga chikumasula, pomwe chimafuna madzi kwambiri.

Gwero lake

Gwero lalikulu lili kutali ndi Dowa. Malasha, petulo, dizilo ndi gasi zikamayaka m'mafakitale, m'magalimoto ndi m'malo opangira magetsi, zimatulutsa mpweya wa kaboni. Mpweyawu umaunjikana mumlengalenga n'kumatsekereza kutentha kochokera padziko, monga bulangete limasungira kutentha kwa munthu. Mafakitale asanachuluke, pa magawo 1,000,000 alionse a mpweya, a kaboni anali pafupifupi 280. Lero adadutsa 420. Palinso mpweya wa methane wochokera m'mimba mwa ng'ombe, m'minda ya mpunga ndi m'malo otayira zinyalala. Maiko otulutsa mpweya wambiri ndi China, United States, India ndi a ku Ulaya. Gawo la Malawi silifika ngakhale 1 pa 100.

Choncho si chilungamo kumuuza mayi wosenza mtolo wa nkhuni kuti ndiye wasintha nyengo ya dziko lonse. Komabe kutha kwa mitengo kuno kwathu kumakulitsa vutoli. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa, ndipo pafupifupi banja lililonse limaphikira nkhuni kapena makala. Fodya, yemwe ndi ulimi wodalirika kuyambira ku Mponela mpaka ku Madisi, amadya mitengo yambiri: zigafa za bale zimafuna mphanda ndi milimo, pomwe fodya wootcha amafuna nkhuni. Onjezani mauvuni a njerwa, makala opita ku Lilongwe, ndi moto wa osaka mbewa. Phiri likakhala mbee, mvula siilowa pansi. Imathamanga, kukokolola chonde, kukumba zigwembe, n'kukakwirira madambo ndi mchenga. Pofika Okutobala zitsime zaphwa ndipo madimba afota.

Zomwe zaoneka kale

Chilala cha 2016 chidasiya Amalawi oposa 6 miliyoni akusowa chakudya. Namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzimazima kwa magetsi kudakula, ndipo m'matauni ambiri adabwerera ku makala. Namondwe Freddy adapha anthu mazanamazana kumwera mu Malichi 2023. Chaka chotsatira El Niño adaumitsa mbewu, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. El Niño ndi wachilengedwe ndipo adalipo kuyambira kale, koma dziko likatentha chilala chake chimawawa koposa.

Njira zothana nalo

Za mpweya wa m'mafakitale zimakambidwa ndi maiko. Pa mgwirizano wa ku Paris wa 2015 adalonjeza kuyesetsa kuti kutentha kusakwere kuposa madigiri 1.5. Malawi adakhazikitsa ndondomeko yake ya kusintha kwa nyengo mu 2016, ndipo adalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030.

Ntchito ya mlimi wa kwa Dzoole ndi yosunga madzi ndi chonde pomwe wayima. Pamalo otsetsereka amaika akalozera n'kubzala vetiva, mizere n'kumatsata akalozerawo mopingasa phiri. Ngonyeka zimagwira madzi pakati pa mizere. Mapesi, m'malo mowatentha, amawayala m'munda kuti chinyezi chikhalitse. Munthu akafukula mapesiwo pa nthawi ya ng'amba amapeza dothi lozizira, lonyowa, pomwe munda woyandikana nawo wang'aluka. Manyowa, mbewu zocha msanga, ndi kuphatikiza chimanga ndi nandolo, soya, mtedza kapena mbatata zimathandiza kuti banja lisagone ndi njala mbewu imodzi ikakanika.

Mtengo wa msangu ndi wofunika kuutchula paokha. Umayoyola masamba m'dzinja, pomwe mitengo ina ikubiriwira, motero suphimba chimanga koma umachidyetsa chonde. Gilisidiya nayenso amabwezeretsa nthaka ndipo amakula msanga.

Nyengo yobzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Mbande zimabzalidwa zochuluka, koma zambiri zimathera ku mbuzi, chiswe ndi moto wolusa. N'chifukwa chake kusamalira mphukira kuli ndi nzeru kuposa momwe anthu amakuonera. Chitsa cha mtengo wa tsamba kapena msuku chimakhala ndi mizu yamoyo pansi. Mlimi amasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, kudulira zinazo, kulambula mozungulira, ndipo mtengo umabwerera popanda kugula mbande kapena kuthirira. Nkhalango za m'midzi zimayenda bwino pomwe nyakwawa ndi anthu ake agwirizana malamulo ndi chindapusa, monga momwe manda a Achewa amasungira mitengo yachilengedwe kufikira lero. Nkhalango zotetezedwa za Ntchisi ndi Kongwe ndizo zimasunga akasupe a mitsinje ya m'derali.

Kukhitchini, chitetezo mbaula, choumbidwa ndi dongo, chimadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu ndipo chimachepetsa utsi. Magetsi a sola akuunikira m'nyumba ndi kupopa madzi a m'madimba. Uthenga wa nthambi yoona za nyengo, womwe umaulutsidwa pa wailesi dzinja lisanayambe, umathandiza mlimi kusankha mbewu ndi kudikira mvula yokwanira asanabzale.