Mawu akuti "apu"

Ambiri kuno ku Chipata akamva mawu akuti apu, maganizo awo amathamangira pa foni basi: WhatsApp, Facebook kapena kotumizira ndalama. Koma mawuwa ndi otakata kuposa pamenepo.

Apu ndi chidule cha mawu achingelezi akuti application, ochokera ku Chilatini, applicare, kutanthauza kulumikiza chinthu ku chinzake. Lero apu ndi pulogalamu iliyonse yopangidwira ntchito inayake, kaya pa foni kaya pa kompyuta.

Taganizirani mayi wa shopu yosindikiza zikalata pafupi ndi msika wa Kapata. Amalembetsa ana asukulu, amajambula mapepala, ndipo madzulo amawerengera makwacha a tsikulo. Akagwiritsa ntchito webusayiti, bandulo ikatha ntchito yaima. Koma pulogalamu yoikidwa mu kompyuta mwenimweni, yosunga zonse momwemo, imagwirabe ntchito popanda intaneti. Imeneyonso ndi apu.

Achinyamata ophunzira kupanga mawebusayiti, apa pali mwayi wanu. Mu 2013 kampani ya Facebook inatulutsa React, chida chomangira nkhope ya pulogalamu ndi tizigawo: batani, kabokosi kolembamo, mndandanda wa mitengo. Tizigawoti timalumikizana ngati njerwa, ndipo kamodzi kangagwiritsidwe ntchito kambirimbiri. Kudzera mu React Native for Windows ya Microsoft, luso lomwelo limamanga apu yeniyeni ya pa kompyuta.

Choncho wina akakupemphani kuti mumupangire apu, yambani mwamufunsa kuti adzaitsegulira pa foni kapena pa kompyuta.