Khoma ndi Siling'i m'Nyumba za m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

Tiyi anayamba kudzalidwa m'boma la Thyolo m'chaka cha 1908, pa esiteti ya Bandanga. M'chaka chomwecho njanji yochokera kumunsi kwa Shire inafika ku Blantyre podzera pa Luchenza, ndipo malata, misomali ndi magalasi zinayamba kufika mosavuta. Kuyambira pamenepo mamangidwe a nyumba anasintha m'dera lonselo, pakuti denga la malata linabwera ndi vuto limene denga la udzu linalibe.

Denga la udzu limasunga nyumba yozizira masana ndi yofunda usiku. Malata satero ayi. M'mwezi wa Okutobala amatentha ngati chiwaya, ndipo m'nyengo ya chiperoni, pamene nkhungu imakuta mapiri kwa masiku angapo, amachita thukuta kunsi kwake nagwetsera madontho pa mphasa ndi pa zofunda. Chifukwa cha ichi eni minda anafuna chotchinga pakati pa denga ndi chipinda, chimene lero chimatchedwa siling'i.

Siling'i yoyamba inali yosavuta kupanga. Ena ankayala bango kapena nsungwi pamwamba pa mitanda. Ena ankakunga nsalu yoyera ya kaliko kuchokera kukhoma lina kufika kulinzake, naipaka laimu kuti iume gwa. Nsaluyo sinkakhalitsa, poti makoswe ankathamanga pamwamba pake, ndipo denga likadontha inkachita mabanga. Amene anali ndi chuma anayamba kukhoma matabwa, makamaka a mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene chiswe sichiudya msanga ndiponso umanunkhira bwino.

Nzeru yeniyeni inali pogwirizanitsa siling'iyo ndi makoma. Makoma anali a njerwa zootcha, omatidwa ndi dothi kapena laimu wosakaniza ndi mchenga, napakidwa laimu woyera chaka ndi chaka mvula ikatha. Popeza khonde lalikulu lozungulira nyumba linkatchinga dzuwa, zipinda zinkakhala zamdima. Tsono kuyera kwa khoma ndi kwa siling'i kunkathandizana kubweza kuwala kochepa kwa pawindo ndi kwa nyali. Pamene siling'i inali ya matabwa ofiirira, khoma linkasiyidwa loyera kuti chipinda chisaoneke ngati phanga. Pamalo pokumana ziwirizi ankakhomapo kathabwa kakatali kobisa mng'alu, chifukwa thabwa limafufuma ndi chinyezi pamene njerwa sizitero. Kunsi kwa khoma ankalembako mzere wakuda kapena wofiira, wobisa katondo amene mvula imathovutsira pakhoma. Laimu analinso ndi ubwino wina: amalola khoma kutulutsa chinyezi, ndipo chuku sichimera msanga pa iye.

Kodi anagwira ntchito imeneyi ndani? Mabuku amatchula eni minda, monga Maclean Kay, amene anatsegula esiteti ya Satemwa m'chaka cha 1923 namanga nyumba yotchedwa Huntingdon, imene lero imalandira alendo. Koma manja amene anaumba njerwa, kucheka matabwa ndi kupaka laimu anali a amisiri a dziko lino. Ambiri mwa akalipentala ndi omanga a nthawi imeneyo anaphunzira luso lawo ku Mishoni ya Blantyre, kumene sukulu ya Henry Henderson inatsegulidwa m'chaka cha 1909, ndipo iwo anaphunzitsanso anzawo pantchito pomwepo.

Amisiri omwewo madzulo ankabwerera kunyumba zopanda siling'i. Antchito a m'minda, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankakhala m'makomboni kapena m'midzi ya pamalo a azungu, kumene lendi ya malo ankailipira ndi ntchito ya thangata, imene inathetsedwa m'chaka cha 1962. M'nyumba zawo munthu akayang'ana kumwamba ankaona tsindwi lakuda ndi mwaye. Motero siling'i inasanduka chizindikiro cha udindo: nyumba ya manejala inali nayo, ya wothyola tiyi inalibe. Komabe amayi sanasiye nyumba zawo zosakongoletsa. Ankamata makoma, kuzira pansi ndi mtsiro, ndi kulemba mizere ya dothi loyera, lofiira ndi lakuda. Nawonso ankadziwa kuika mtundu wodera kunsi ndi wowala kumwamba, monga momwe zinaliri m'nyumba ya bwana.

M'zaka zotsatira simenti inachuluka, ndipo penti wa mafuta ndi mabolodi a m'fakitale zinalowa m'malo mwa laimu ndi matabwa. Mkungudza wa ku Mulanje unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Zatsopanozi zinafulumizitsa ntchito, koma penti wa mafuta akapakidwa pa khoma lachinyezi amatsekera madzi mkati, ndipo posakhalitsa amatukusira nayamba kusupuka. Bolodi nayo ikanyowa imapindika ndi kulendewera.

Lero mabanja ambiri m'maboma onse akufolera nyumba zawo ndi malata, ndipo akukumana ndi vuto lomwe lija la kutentha ndi madontho. Amisiri akale a ku Thyolo anasiya dongosolo loyenera kulitsata: denga liyambe lakonzedwa kuti lisadonthe, siling'i ikhomedwe ndi mpata wa mphepo pamwamba pake, pulasitala aume bwino, ndipo pomaliza mtundu wa khoma ndi wa siling'i usankhidwe pamodzi. Amene sangathe kugula mabolodi asadere nkhawa, pakuti bango ndi nsungwi zikali kugwira ntchito imene zinagwira kale.