Njanji ya ku Marka ndi Mbiri ya Ufulu wa Wantchito

Marka, m'boma la Nsanje, ndi khomo limene sitima ya pamtunda inkalowera m'dziko muno kuchokera ku Beira. Njanji ya Port Herald, yemwe lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1915 inatsikira kumwera mpaka ku Chindio pa mtsinje wa Zambezi. Mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, chaka chomwecho njanji inafikanso ku Salima, kotero katundu wa kunyanja anayamba kudutsa pa Marka.

Amene anakumba nthaka ndi kusenza zitsulo anali Amang'anja, Asena ndi ena ochokera kutali. Masiku amenewo mawu a bwana ndiwo anali lamulo. M'minda ya azungu munali thangata, limene linatha mu 1962. Munthu ankatha kuuzidwa m'mawa kuti ntchito yatha, madzulo n'kumanga katundu.

Nkhondo ya ku Mozambique inaimitsa sitima m'zaka za m'ma 1980, ndipo madzi osefukira anadula njanji ku Chiromo mu 1997. Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya CEAR. Kusintha kotere kumagwera wantchito poyamba.

Zinthu zinatembenuka pambuyo pa sitalaka za mu Meyi 1992. Gawo 31 la Malamulo Aakulu a 1994 linateteza wantchito, kenako kunabwera lamulo la Employment Act la 2000. Wolandira malipiro pamwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi. Wolandira pasabata apatsidwe sabata imodzi ngati sanakwanitse zaka 2, masabata awiri kufikira zaka 5, ndi mwezi wathunthu akapyola pamenepo. Bwana wofuna kuti munthu achoke pompo alipire ndalama za nthawi ya notisiyo. Wantchito wofuna kusiya nayenso apereke notisi. Palibe wochotsedwa popanda chifukwa chomveka, ndipo woimbidwa mlandu ayambe wamvedwa. Wodandaula apite kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake isanathe miyezi itatu, ndipo nkhani ikakanika imapita ku khoti la Industrial Relations Court.

Kwa ife Asilamu, zimenezi si zachilendo. Chisilamu chimalamula kukwaniritsa mapangano, ndipo Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zipite kwa iye) analetsa kuchedwetsa malipiro a wantchito. Ambiri mwa ife ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota tili ndi mlonda, wothandiza pakhomo kapena anyamata okoka khoka. Tsiku lowasiyitsa ntchito likafika, tikumbukire kuti ufulu umene okonza njanji ya Marka sanaulawe, lero uli m'manja mwathu kuupereka, ndipo Allah adzatifunsa za iwo.