Kazembe wa ophunzira ndi mbiri ya ku Bologna

Aliyense amene adafikapo pachipata cha yunivesite kwa nthawi yoyamba, chikwama chili m'manja, saiwala nkhope ya wophunzira amene adamulandira. Masiku ano mayunivesite ambiri amalemba ophunzira ena ntchito imeneyi ndi kuwatcha akazembe. Iwo amayendetsa alendo kuwaonetsa laibulale ndi mogona, nayankha mafunso a makolo. Ife tafuna kuti tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 800, kumzinda wa Bologna ku Italy, komwe wophunzira woimira anzake adaonekera poyamba. Kumeneko ntchitoyi idabadwa chifukwa cha mantha.

Sukulu ya ku Bologna imawerengera chiyambi chake ku chaka cha 1088. Anyamata ankachokera ku Germany, France, England ndi Spain kudzaphunzira malamulo, koma akafika ankapeza kuti malamulo a mzindawo ankateteza mbadwa zokha. Padali mwambo wina wankhanza: munthu wa kwanu akathawa ndi ngongole, eni mzinda ankatha kugwira iwe ndi kukulanda katundu, ngakhale wangongoleyo sudamuonepo ndi kale lonse. Mfumu Frederick Barbarossa idaletsa zimenezi m'zaka za m'ma 1150 ndi lamulo lotchedwa Authentica Habita. Koma mfumu idali kutali, pamene mwini nyumba wokweza lendi adali pakhomo.

Choncho alendowo adagwirana manja. Ochokera dera limodzi adapanga gulu lomwe m'Chilatini ankalitcha natio, kutanthauza mtundu. Mtundu uliwonse unkasankha oimira ake, unkalemba dzina la mlendo m'kaundula ndipo unkasonkha ndalama zothandiza odwala ndi kuika maliro a iwo omwalira kutali ndi kwawo. Mitunduyi idalumikizana kukhala mabungwe awiri akulu, la ochokera mbali ino ya mapiri a Alps ndi la ochokera kutsidya kwake. Liwu loti universitas panthawiyo linkangotanthauza bungwe lotere, osati nyumba kapena malo. Mkulu wa bungwelo adali wophunzira mnzawo, wosakwatira, amene adali atatha zaka zisanu akuphunzira malamulo.

Pano mpomwe nkhani ikoma. Oimira ophunzirawa ankakhala pansi ndi anthu osankhidwa ndi mzinda kuti agwirizane za mtengo wa lendi, ndipo nyumba ya munthu wodyera alendo masuku pamutu ankaiika pachiletso kuti wophunzira aliyense asalowemo. Aphunzitsi nawo adali m'manja mwawo, popeza malipiro awo ankachokera m'matumba a ophunzira. Mphunzitsi wochedwa kuyamba phunziro ankalipira chindapusa, wodumpha mutu wovuta m'buku chimodzimodzi, ndipo wofuna kutuluka mumzinda ankayamba wapempha chilolezo nasiya chikole. Tikudziwa kuti ena a inu mukumwetulira powerenga izi.

Chida chawo chachikulu chidali kusamuka. Sukulu idalibe nyumba zakezake, motero ophunzira akakwiya ankangonyamula mabuku, mzinda nutsala wopanda ogula buledi. Mu 1204 ena adapita ku Vicenza. Mu 1217, akuluakulu a mzinda atafuna kufoola mabungwewo, Papa Honorius III adaima ndi ophunzira, nawalangiza kuti kuli bwino achoke kusiyana ndi kuphwanya lumbiro lawo. Mu 1222 gulu lina lidasamukira ku Padua, ndipo yunivesite yomwe adayambitsa kumeneko ilipo mpaka lero.

Mphamvuyi sidathe ndi nkhondo ayi. Idafota pang'onopang'ono kuyambira kumapeto a zaka za m'ma 1200, mzinda utayamba kulipira okha aphunzitsi. Mwini thumba adasanduka mwini mawu. Mitundu idatsalabe ndi ntchito yolandira alendo, kotero kuti Nicolaus Copernicus atafika ku Bologna mu 1496 kudzaphunzira malamulo a Mpingo, adalowa mumtundu wa Ajeremani monga mlendo wina aliyense.

Apa mpomwe ife tikuona kusiyana kwenikweni. Woimira ophunzira wa ku Bologna ankasankhidwa ndi anzake ndipo ankalankhulira mlendo pamaso pa eni mphamvu. Kazembe wa lero amasankhidwa ndi yunivesite, nthawi zambiri amalipidwa nayo, ndipo amalankhulira yunivesiteyo pamaso pa mlendo. Sitikunena kuti ntchitoyo ndi yoipa, ndipo amene mwaipeza musaikane. Koma tsiku lina mayi amene wagulitsa mbuzi kuti mwana wake aphunzire adzakufunsani ngati malo ogona amakwaniradi, ndipo yankho loonalo mwina silidzakhala lomwe lidalembedwa m'kabuku kokopera anthu komwe mwanyamula.

Kachidutswa ka mwambo wakale uja kadakalipo ku Sweden. Ku Uppsala kuli mitundu 13 ya ophunzira, yotchulidwa maina a zigawo za dzikolo, ndipo ophunzira okha ndiwo amaiyendetsa. Mitunduyi ili ndi nyumba zobwereketsa, malo odyera ndi makwaya. Mpaka 2010, wophunzira aliyense pamenepo ankayenera kulowa mu umodzi mwa mitunduyo.