Chimbale chimene wailesi inkachikana

M'zaka zimene Neno ankakhala boma palokha, atapatuka ku Mwanza mu 2003, nyimbo m'makomo a ku Midzemba zinkamvekabe pa kaseti. Kaseti sinkasankha wailesi. Ya Lucius Banda kapena ya Evison Matafale, kaya yochokera kwa O.G. Issa ku Limbe, inkalira paliponse, ndipo tepi ikatafunidwa munthu ankaikulunga ndi bolopeni n'kupitiriza kuvina.

Kenako kunabwera CD, nthawi zambiri m'katundu wa achibale ochokera ku Joni, ndipo mavuto a mtundu wina anayamba. Munthu wagula chimbale chonyezimira bwinobwino, wafika nacho kunyumba, wailesi ikungochizunguza kenako n'kulemba kuti NO DISC. Ambiri ankati wailesi yafa. Ena ankati awabera. Koma gwero la nkhaniyi lili kutali ndi Shire.

Makampani a Philips ndi Sony ndiwo anagwirizana mu 1980 za kalembedwe ka nyimbo pa CD, ndipo makina oyamba, Sony CDP-101, anagulitsidwa ku Japan mu 1982. Chimbale cha mtunduwu chinkanyamula mphindi 74, pambuyo pake 80. Wailesi yopangidwa motsatira pangano limeneli imadziwa kalembedwe kameneka basi. MP3 inabwera mochedwa, kuchokera kwa akatswiri a Fraunhofer ku Germany, ndipo dzinalo linakhazikika mu 1995. Iyo imapanikiza nyimbo kuti ichepe, kotero pa chimbale chimodzi cha 700MB pamakwana nyimbo zoposa 100. Kwa wogula wa ndalama zochepa, kodi akanasankha nyimbo 15 kusiya 100? Koma kwa wailesi yakale, chimbale choterocho n'chopanda kanthu, chifukwa mkati mwa wailesiyo mulibe kachipangizo komasulira mafayilo.

Vuto lina linali chimbale chenichenicho. Wailesi imawerenga ndi kuwala kwa leza komwe kamagunda pansi pa chimbale n'kubwerera. Chopangidwa ku fakitale chimabweza kuwala kwambiri, CD-R yobena pa kompyuta imabwezako bwino ndithu, koma CD-RW, yotha kufufuta n'kulembanso, yomwe inatuluka mu 1997, imabweza pang'ono kwambiri moti makina ambiri akale saiona n'komwe. Onjezanipo fumbi la m'chilimwe la kumunsi kwa Neno pa kadiso ka leza, ndi wobena amene waiwala kutseka chimbale akamaliza. VCD ndi DVD nazonso zinkaoneka chimodzimodzi m'manja, koma zinkafuna makina akeake.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zonsezi zinalembedwa m'kabuku ka Chingerezi komwe kawirikawiri sikankafika n'komwe pamodzi ndi wailesi yogula kwa wina. Nzeru yake inatsalira kwa anyamata obena nyimbo m'malo a malonda, ndipo wogula wa kumudzi ankalipira kawiri, poyamba chimbale, kenako wokonza wailesi yomwe sinawonongeke.

Oimba nawo analuza. Bungwe la COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992 potsatira lamulo la 1989, linkaika zizindikiro pa makaseti ndi zimbale zovomerezeka, koma nyimbo itasanduka fayilo panalibenso pomata chizindikirocho.

Amene anathetsa mkangano ndi makina a DVD otsika mtengo a ku China, omwe ankaliza pafupifupi chilichonse, kenako fulashi, memore khadi ndi foni. Komabe wailesi za CD zilipo m'makomo ena, zina zofundidwa nsalu kwa zaka, ndipo zambiri zikhoza kuliranso. Onani kutsogolo kwake ngati palembedwa MP3 kapena WMA. Ngati palibe, uzani wobena kuti mukufuna audio CD, pa CD-R osati CD-RW, abene pang'onopang'ono, nyimbo zisapitirire mphindi 80, ndipo achitseke akamaliza. Ngati ili ndi polowetsa fulashi, zambiri zakale zimawerenga fulashi yokonzedwa m'kalembedwe ka FAT32 yokha.