Kupita ndi ana ku Paki ya Gorongosa: konzekerani motere

Kodi ana anu anaonapo njobvu ndi maso? Ana ambiri a ku Tete ndi ku Niassa amangoiona pa cithunzi ca m'buku la kusukulu, kapena pa foni. Koma njobvu, mikango ndi mvuu zilipo m'dziko lathu lomweli la Moçambique. Malo amodzi odziwika bwino kumene mungaziwone ndi Paki ya Gorongosa. Nkhaniyi ikuuzani za pakiyi, ndi zimene muyenera kukonza musananyamuke ndi banja.

Paki n'ciyani?

Paki ndi dera lalikulu la thengo limene boma linapatula kuti nyama ndi mitengo zitetezedwe. Mkati mwa paki saloleza kusaka, kuika misampha kapena kudula mitengo. Muli alonda amene timawati mafisikali. Iwo amayendayenda m'thengo kucotsa misampha ndi kugwira osaka nyama mobisa.

Gorongosa ili m'cigawo ca Sofala, pakati pa dziko. Inakhala paki m'caka ca 1960. Cakumwera kwake kumadutsa mtsinje wa Púnguè, ndipo pakati pake pali nyanja yaing'ono ya Urema, kumene nyama zambiri zimakamwa madzi. Pafupi pali phiri la Gorongosa, lotalika mamita 1,863. Pamwamba pa phirili panawonjezedwa ku paki m'caka ca 2010.

Mbiri yoti muuze ana

Akuluakulu akukumbukira nkhondo ya zaka 16 imene inatha mu 1992. Nkhondoyi inabvuta kwambiri ku Gorongosa. Nyama zinkaphedwa kuti anthu apeze ndiwo, ndipo minyanga ya njobvu inkagulitsidwa kuti agule zida. Pa nyama zikuluzikulu 10 zilizonse, zoposa 9 zinatha.

Mu 2008 boma linacita pangano ndi bungwe la Greg Carr, munthu wa ku America, kuti akonzenso pakiyi pamodzi. Nyama zinayamba kuswananso. Njati zina anazibweretsa kucokera kumadera ena. Mu 2018 anabweretsanso mimbulu, imene inali itasowa kalekale.

Mukakaona njobvu, yang'anitsitsani. Zazikazi zambiri zilibe minyanga. Cifukwa cake n'cakuti osaka ankapha zokhala ndi minyanga, n'kusiya zopanda minyanga. Zotsalazo ndi zimene zinabereka, ndipo ana aakazi ambiri anatengera amayi awo. Apa mwana angaone yekha kuti nkhondo imasiya zipsera ngakhale kwa nyama.

Sankhani nthawi yabwino

Apa ndi pamene mabanja ambiri angalakwitse. Feriya yaitali ya ana a sukulu imakhala mu Dezembro ndi Janeiro. Koma imeneyi ndi nyengo ya mvula. Madzi amasefukira m'madambo a paki, misewu imadzaza matope, ndipo maulendo okaona nyama nthawi zambiri amaimitsidwa mpaka mvula itatha. Mukapita osafunsa, mungathe ndalama pacabe, ana n'kubwera akulira.

Nthawi yabwino ndi ya cilimwe, kuyambira mu Maio mpaka mu Outubro. Mu Junho ndi Julho kumazizira m'mawa, tsono tengani majuzi. Mu Agosto ndi Setembro udzu umakhala utauma, ndipo nyama zimasonkhana kumene kwatsala madzi, motero siziwuta kuziwona. Mu Outubro ndi Novembro kumatentha koopsa, ana aang'ono amatopa msanga. Conco funsani kusukulu masiku a feriya yaifupi ya pakati pa caka, ndipo ikani ulendo wanu pamenepo.

Njira yake

Ngati mukucokera ku Angónia, Tsangano kapena Macanga, yambani mwafika mumzinda wa Tete. Kucokera ku Tete, tengani msewu wa N7 wodutsa pa Changara, Guro ndi Catandica. Msewuwu umakakumana ndi N6, umene umakufikitsani ku Chimoio. Pitirirani pa N6 mpaka pa Inchope. Pamenepo khoterani kumpoto pa msewu wa N1, muwoloke mtsinje wa Púnguè. Patsogolo pake pali njira yafumbi yolowera ku paki. Imakathera pa Chitengo, pomwe pali msasa waukulu wa alendo.

Tinene zoona, ulendowu ndi wautali. Kucokera ku Tete kufika ku Chimoio kokha kungakudyereni tsiku. Ngati muli ndi ana, gonani ku Chimoio, mupitirire mawa lake m'mamawa. Paki imatseka cipata dzuwa likamalowa, ndiye yesetsani kufika kukadali kowala.

Xapa kapena maxibombo amayenda pa msewu waukulu basi. Kucokera pa N1 kukafika ku Chitengo ndi mtunda wautali, ndipo mkati mwa paki simuyenda pansi cifukwa ca zilombo. Konzani za galimoto ya cigawo cimeneci musanacoke pakhomo.

Funsani kaye

Imbani foni ku paki, kapena pemphani wacinyamata wodziwa intaneti akuthandizeni kulemba uthenga. Funsani zinthu izi:

Kodi paki idzakhala yotsegula pa masiku amene tasankha?

Kulowa ndi ndalama zingati kwa wamkulu, nanga kwa mwana?

Galimoto yokaonera nyama ndi zingati, ndipo imalola ana a zaka zingati?

Malo ogona alipo? Nanga tingabwere ndi tenti yathu?

Tingafike bwanji kucokera pa msewu waukulu?

Lembani mayankho onse m'kope. Funso la zaka za ana musaliiwale. Ngati wamng'ono saloledwa m'galimoto, ndi bwino mudziwiretu, atsale ndi agogo ake kapena azakhali ake.

Za ndalama

Gawani kope lanu m'zigawo zisanu: mayendedwe, malo ogona, cakudya, zolipira ku paki, ndi ndalama yapadera ya zamwadzidzidzi. Werengerani kupita ndi kubwera komwe. Nzika za Moçambique zimalipira zocepa polowa poyerekeza ndi alendo akunja, koma muyenera kuonetsa BI yanu.

Yambani kusunga miyezi ingapo ulendo usanafike. Mukagulitsa mbatata, fodya kapena soya, patulani pang'ono. Ngati muli mu xitiki, mungagwiritse nchito ndalama ya mwezi wanu. Mabanja awiri kapena atatu angasonkherane n'kubwereka galimoto imodzi. Koma osatenga ngongole, osagulitsa cimanga ca m'nkhokwe, ndipo osakhudza ndalama ya mbewu ndi feteleza. Nyama zidzakhalapobe caka camawa.

Musaike ndalama zonse m'thumba limodzi. Zina zikhale pa M-Pesa kapena e-Mola, zina pamanja, paja netiweki imasowa m'malo ena.

Zoti mutenge

Tengani BI ya wamkulu aliyense, ndi sedula kapena BI ya mwana aliyense. Pa msewu pali malo amene apolisi amaimitsa magalimoto n'kufunsa makalata.

Tengani neti yoteteza udzudzu. Gorongosa ndi dera lotentha ndipo malungo ndi ambiri. Madzulo abvekeni ana zobvala za manja aatali ndi mathalauza. M'thengo mulinso akashembe, nchenche zoluma kwambiri. Akashembe amakonda zobvala zakuda ndi zabuluu, conco bvalani zotuwa.

Tengani madzi akumwa okwanira, zipewa, nsapato zotseka, toci ndi kapulana zingapo. Pa kamba wa panjira, mtedza wokazinga, mbatata yophika, nthoci ndi buledi zimathandiza. Ngati wina amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, tengani okwanira masiku onse.

Malamulo a m'paki

Awuzeni ana malamulowa muli kunyumba, ndipo abwerezeni panjira.

Osatsika m'galimoto pokhapokha wotsogolera atanena. Osatulutsa mutu kapena manja. Osakuwa mukaona nyama. Njobvu za ku Gorongosa zinazunzika nthawi ya nkhondo, ndipo zina zimakwiya msanga, makamaka zikakhala ndi ana.

Osayandikira mtsinje kapena dziwe. Muli ng'ona ndi mvuu. Mvuu imaoneka yaulesi, koma imathamanga kuposa munthu.

Osapatsa nyama cakudya. Pa msasa wa Chitengo pamayendayenda anyani ndi njiri. Nyani akazolowera kulandira, amayamba kulanda, ndipo angalume mwana. Bisani cakudya, zinyalala muziponye m'bini. Usiku mwana asatuluke yekha.

Zimene mungaone

Nyakodzwe ndi ambirimbiri m'madambo, simungabwere osawaona. Mulinso nswala, mbawala, mphalapala, njati ndi mbalame za mitundu yambiri. Muli nyumba yakale imene amati Casa dos Leões, kutanthauza nyumba ya mikango. Inamangidwa mu 1940 kuti alendo azigonamo, koma madzi osefukira anathamangitsa anthu, mikango n'kuyamba kukhalamo.

Musalonjeze ana kuti adzaona mkango. Nyama sizili m'khola, zimayenda kumene zafuna. Nthawi yabwino yoziwona ndi m'mamawa ndi cakumadzulo. Mupatseni mwana aliyense pensulo ndi pepala, alembe dzina la nyama iliyonse imene waona. Inunso lembani zanu. Madzulo muwerengerane, muone amene wapeza zambiri.

Mukabwerera kunyumba

Yang'anirani thanzi la banja kwa milungu ingapo. Malungo amatha kuyamba patapita sabata imodzi kapena kuposa cilumidwire ndi udzudzu. Mwana akatentha thupi, mufulumire naye ku cipatala tsiku lomwelo kuti akamuyeze, ndipo muwauze anamwino kumene munapita.

Kope lija musataye. Muli mitengo ya zinthu, njira ndi maina a nyama. Mnansi wanu akadzafuna kupita ndi ana ake, mudzamuwerengera zonse.