Munda, mbeu ndi khasu: mmene kum'mawa kuno tinalandirira othawa nkhondo ya ku Mozambique

Ambiri a ife amene tinabadwa itadutsa 1994 tikamva za anthu othawa kwao timaganiza za a ku Congo amene ali ku Mantapala, kapena a ku Angola ku Meheba ndi ku Mayukwayukwa, kutali ndi kuno. Koma m'zaka za m'ma 1980 nkhani imeneyi inali pakhomo pathu. Kuchokera kuno ku Kasenengwa, Katete si patali, ndipo ukafika pa Katete pali mseu wolowera kumwera wokafika ku Chanida, pa malire a Mozambique. Mu mseu umenewo, ndi m'tinjira ta m'thengo ta ku Chadiza, Katete ndi Petauke, munadutsa mabanja zikwizikwi atasenza ana, mapoto ndi timitolo ta zovala.

Dziko la Mozambique linalandira ufulu pa 25 June 1975. Patangopita zaka ziwiri, nkhondo inabuka pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, limene poyamba linkathandizidwa ndi boma la azungu la Rhodesia, kenaka ndi la South Africa. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980, nkhondoyo inali itakula m'chigawo cha Tete. Midzi inatenthedwa, nkhokwe zinalandidwa, anyamata ankagwidwa kuti akasenze katundu wa asilikali. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ena, makamaka ochokera ku Chifunde, Marávia ndi Zumbo, anaolokera kuno kwathu.

Pamene anthu oyamba ankafika, kunalibe msasa wowalandira, kunalibenso galimoto ya chimanga yowadikira. Amene anawalandira ndi anthu wamba a m'midzi ya m'malire. Zimenezi zinatheka chifukwa malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula pakati pa anthu amodzi. Achewa, Ansenga ndi Angoni ali mbali zonse ziwiri. Likulu la Kalonga Gawa Undi, limene lero lili ku Mkaika ku Katete, kale linali ku Mano, m'dziko la Mozambique. Choncho munthu wothawa nkhondo akafika pa mudzi, funso loyamba silinali la chitupa. Ankamufunsa kuti ndi wa mfunda wanji, kwao ndi kwa mfumu yani. Akati ndi Phiri, Banda, Tembo kapena Mwale, sipankalephera kupezeka wina woti, "Ameneyu ndi malume anga," kapena, "Awa ndi azilongo athu."

Nchito yolandira alendowo inali ndi dongosolo lake, ngakhale kuti palibe anailemba pa pepala. A nyakwawa ankaloza malo omangapo. Amuna ankapita kukadula mitengo ndi kumweta udzu, ndipo m'masiku ochepa kanyumba kankaima. Azimai ankabwereketsa mtondo, lichero ndi mbiya, ndi kupatulako ufa pa umene unalipo. Mlendo ankayamba ndi ganyu: kupalira, kukolola, kutonola chimanga, malipiro ake ali chakudya. Mvula ikayandikira, wina ankamupatsa tsala loti alimepo, wina mbeu ya chimanga chamakolo ndi nshawa, wina khasu lakale. Banja limene linafika chimanjamanja linkakolola zake chaka chotsatira, ngakhale zochepa.

Tisaganize kuti makolo athuwo ankapereka chifukwa zinawachulukira. Zaka zimenezo Zambia inali pa mavuto aakulu a chuma. Mtengo wa mkuwa unali utagwa, anthu ankaima pa mizere kufuna sopo, mchere ndi saladi, ndipo mu December 1986 ku Copperbelt kunabuka zipolowe chifukwa cha kukwera kwa mtengo wa ufa. Amene ankagawa nsima ku Chadiza ndi ku Katete anali alimi a khasu la m'manja, amene nkhokwe zao zomwe sizinkafika pa February. Ganyu nayenso anali ndi mbali ziwiri. Mlendo ankapeza chakudya, koma mwini munda ankapeza manja otsika mtengo, ndipo si onse ankalipira mwachilungamo.

Mu 1987 zinthu zinasintha. Zigawenga za Renamo zinayamba kuoloka malire ndi kuukira midzi ya ku Zambia, kuba ng'ombe, kuthyola masitolo ndi kupha anthu. Boma la Kenneth Kaunda linaona kuti kusiya alendo ambiri chotero m'mphepete mwa malire n'koopsa kwa iwo ndi kwa eni mudzi. Linali nalonso lamulo la 1970 lonena kuti othawa kwao azikhala pa malo amene boma lasankha. Chaka chomwecho linatsegula malo a Ukwimi, kumpoto kwa Petauke, m'dziko la Mfumu Sandwe, dera limene lero lili m'boma la Lusangazi. Bungwe la UNHCR linaika ndalama, ndipo la Lutheran World Federation linatsogolera nchito yoyendetsa malowo.

Ukwimi sunali msasa wa matenti. Banja lililonse linkalandira munda wa mahekitala 2, mbeu, zida zolimira ndi fataleza. Chakudya chaulere chinali cha zaka ziwiri zoyamba, ndipo kuchokera pamenepo banja linkayenera kudya zolima lokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pa Ukwimi panali anthu pafupifupi 25,000, m'midzi yoposa 70, yokhala ndi masukulu, zipatala zazing'ono ndi mijigo. Ndalama zinkachokera kunja, koma manja anali a anthu a pomwepo. Othawa nkhondowo ndiwo ankagwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kumanga nyumba zao, ndipo anali ndi atsogoleri ao m'midzi. M'zaka za mvula yabwino ankakolola chimanga ndi nshawa zokwanira kudya, zina n'kugulitsa.

Komabe si onse anakondwa kupita ku Ukwimi. Ambiri anali atazolowera kale m'midzi ya m'malire, pafupi ndi abale, pafupi ndi kwao kumene nkhondo ikatsikako ankatha kukazonda minda ndi manda. Ena anabisala pakati pa eni mudzi, ndipo eni mudziwo anangokhala chete galimoto za boma zikabwera. Ku Ukwimi nakonso kunali madandaulo. Ansenga amene anali kale m'deralo ankaona alendo akulandira fataleza ndi chakudya pamene iwo alibe, ankaona mitengo ikutha ndi nyama za m'thengo zikuthawa. Masukulu ndi zipatala zinkathandiza onse, koma mtima wa munthu amene akuona mnzake akulandira thumba iye osalandira suchedwa kuwawa. Chilala cha 1992 chitafika, sichinasankhe mlendo kapena mwini mudzi: onse anafunika chimanga cha chithandizo.

Tikaika njira ziwirizi pamodzi, ya m'mudzi ndi ya boma, tipeza kuti chimene chinaimiritsa mabanja aja pa miyendo yao n'chimodzi. Thumba la chimanga linawapulumutsa ku njala ya miyezi yoyamba, ndipo popanda ilo ambiri akanafa. Koma thumba limatha. Chimene chinakhalitsa ndi munda, mbeu, khasu ndi chilolezo chogwira nchito, kuphatikizapo munthu wapafupi wokuuza kuti dothi ili limafuna chiyani, mvula ya kuno imayamba liti, msika uli kuti. A nyakwawa a ku Chadiza anadziwa zimenezi asanafike akatswiri. Boma ndi mabungwe anangochita zomwezo pa malo aakulu, ndi ndalama zambiri.

Pa 4 October 1992, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere mu mzinda wa Rome. Mu 1994, chaka chimene Mozambique inachita chisankho choyamba cha zipani zambiri, anthu a ku Ukwimi anabwerera kwao. M'chigawo chonse chino cha Africa, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera ku Mozambique. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo apa zinaonekadi. Koma alendo awa anasiya zinthu zooneka. Boma linatenga Ukwimi ndi kukhazikapo alimi a dziko lino pa minda imene othawa nkhondo anaswa mphanje. Ana a ku Zambia analowa m'makalasi amene anamangidwira ana a ku Tete, ndipo lero kumeneko kuli sukulu ya nchito zamanja ya Ukwimi Trades Training Institute, kumene achinyamata anzathu amaphunzira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 malowo analandiranso ena othawa nkhondo ya ku Angola. M'midzi ya m'malire munatsala maukwati, ana ndi adzukulu amene lero palibe angawasiyanitse ndi ena.

Ife a ku Kasenengwa nkhani ya ulendo si yachilendo kwa ife. Chaka chilichonse mu February timasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala, ndi kukumbukira makolo amene anachoka kumwera pa nthawi ya nkhondo za Shaka, naoloka Zambezi mu 1835 pansi pa Zwangendaba. Iwo anafika ndi mikondo, ndipo Achewa ndi Ansenga ambiri anathawa midzi yao chifukwa cha iwo. Mu January 1898 mpira unatembenuka: asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, kutentha midzi ndi kulanda ng'ombe, ndipo nawonso anathawira m'mapiri. Kum'mawa kuno palibe mtundu umene sunathaweko, ndipo palibe umene sunalandireko wina.

Funso limene latsalira ife a m'tauni n'lakuti, munda wa mahekitala 2 tiupeza kuti m'komboni? Othawa kwao a masiku ano, a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ambiri amafuna kukhala m'matauni, ndipo lamulo latsopano la 2017 limafunabe kuti akhale ndi chilolezo asanatuluke m'malo amene boma linawaika. Amene akwanitsa kutsegula kantemba timawayang'ana ndi diso la nsanje. Mu April 2016, mphekesera zokhudza kuphedwa kwa anthu m'makomboni a Lusaka zinachititsa kuti magulu a anthu athyole masitolo ambiri a anthu a ku Rwanda. Ambiri mwa othyolawo anali achinyamata a msinkhu wathu. Mbale ya nsima imene agogo athu anapereka mu 1986 ndi chitseko chimene chinathyoledwa mu 2016 zonse ndi mbiri ya dziko limodzi.

M'tauni, munda ndi malo ogulitsira pa msika. Mbeu ndi malo mu chilimba, kuti munthu apeze mpamba woyambira. Khasu ndi makina osokera obwereka, kapena mmisiri wolola mnyamata wachilendo kuphunzira pa shopu yake. Mnansi wodziwa dothi ndi uja amene amaperekeza mai wosadziwa Chinyanja kwa a hedi kukalembetsa mwana, kapena ku chipatala kukamumasulira. Magulu ochitira zimenezi tili nawo kale: miphakati ya ku tchalitchi, Chigwirizano cha azimai, makwaya, matimu a bola, magulu a WhatsApp a m'komboni. Safuna ndalama za ku Geneva kuti ayambe.

Sitikunena nkhani yakale yokha. Mu 2016 anthu a ku Tete anathawiranso ku Mwanza m'dziko la Malawi, ndipo mu December 2024, chisankho cha ku Mozambique chitabweretsa zipolowe, ena zikwizikwi anaolokera ku Nsanje. Chanida ali pomwe anali. Tsiku limene mabanja adzatulukirenso m'tinjira tija, galimoto za mabungwe zidzafika patapita masabata. Amene adzakhalepo tsiku loyamba ndi ife, monga mmene analiri agogo athu, ndipo alendowo adzayamba kudziwa Zambia kudzera mwa amene adzawapatse madzi akumwa ndi kuwafunsa kuti ndi a mfunda wanji.